Kuponi ya m'kathumba ka pilo

Lolemba, 17 Novembala

Pakhomo ndili ndekha. Bambo a Esinati ali kumaliro ku Njombwa, abwera mawa. Mitambo yayamba kusonkhana, ndiye sabata ino ndichape zofunda zonse, ndisite, nditsekere m'sutikesi mvula isanagwe. M'dzinja nsalu siziuma, zimachita chuku.

Zochapa:
mabulangete 3, fumbi lokhalokha
mashiti 4
matawulo 2, limodzi loyera la alendo
timatumba ta pilo 2

Kumjigo maulendo 7. Zonse ndaviika m'sopo, zigone m'bafa.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndachapa, ndayanika. Pachingwe payera ngati kuchipatala! A Naphiri, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nafe, podutsa: "Kodi kukubwera abusa?"

Bambo afika masana. Kulowa kuchipinda, kutuluka msanga. "Mayi, pilo wanga wamuvula ndani?"

Kuponi ya feteleza anaibisa m'kathumba ka pilo. Osandiuza! Akuti amaopa akuba. Kuponi yake imodzi yomweyo, thumba limodzi, logawana pakati ndi a Naphiri chifukwa m'mudzi muno makuponi sanakwane. Ndaipeza pakona pa kathumba, itakulungika ngati ndowe ya mbuzi.

Lachitatu, 19 Novembala

Kuitambasula ndi nthenga ya nkhuku: ola limodzi ndi theka. Yang'ambika pawiri. Makala amene ndinasungira mashiti alowa mu nsimbi kusita kuponi, pansi nditayala tawulo loyera. Bambo aima kumbuyo kwanga: "Pang'onopang'ono, mayi, chimenecho ndi chimanga." Potembenuka kuti ndiwayankhe, nsimbi yadinda tawulo.

Nambala ikuwerengeka, kupatula yomaliza. Ine ndikuti 3, iwo akuti 8.

Kamvuluvulu wagwetsa mashiti awiri. Afiira. Kuchapanso!

Lachinayi, 20 Novembala

Kukawauza a Naphiri ndapita ndine, bambo akuti nazale ya fodya ikufuna madzi. A Naphiri aseka mpaka misozi, kenaka afunsa: "Nanga chimanga changa chidzadya sopo?" Ana ali nawo anayi.

Abwera okha ndi phala pa supuni, tamata zidutswa ziwirizo papepala la m'kope, taika pawindo kuti ziume.

Mvula 3 koloko. Tonse atatu kuthamangira pawindo, mpaka kugundana mitu. Za pachingwe palibe wakumbuka.

Lachisanu, 21 Novembala

Kudepoti. Pamzere ndine wa 64. Kuponi ili m'buku la nyimbo, buku lili m'chitenje. Kalaliki waitembenuza, wainunkhiza. "Amayi, mwa zonse zimene ndalandira, yaukhondo ndi imeneyi." Mzere wonse kuseka. Ine maso pansi.

Akuti asaine kaye alangizi. Alangizi apita kuboma.

Kunyumba mabulangete akudontha pakhonde. Nkhuku zagona pa limodzi.

Loweruka, 22 Novembala

Alangizi ayang'ana m'kaundula wawo, asaina. Ndi 8. Bambo andikumbutsa katatu tisanafike kudepoti, kawiri pobwerera.

Thumba labwera panjinga! A Naphiri kululuta pakhomo.

Pogawana pafunika poyala pouma kuti kambulu ngakhale kamodzi kasatayike. Chouma m'nyumba muno ndi shiti imodzi yokha, imene ndinaumitsa dzulo pamoto. Ndayala. Mbale 21 ife, mbale 21 iwo, kotsala tagawa ndi supuni. Thumba lopanda kanthu a Naphiri alibe. Amanga wawo m'shiti momwemo, asenza, apita.

Lamulungu, 23 Novembala

Mvula kuyambira m'mawa. Kutchalitchi ndapita ndi chitenje chonyowa m'mphepete.

Mmene zilili:
mabulangete 3, ayamba kununkha
mashiti 2 ofiira, 1 m'bafa, 1 kwa a Naphiri
tawulo la alendo, lili ndi chithunzi cha nsimbi pakati
sutikesi, mulibe kanthu

Bambo akuti feteleza asakhale pansi, angakoke chinyezi. Ayang'ana uku ndi uku, maso agwera pa sutikesi. Ndawapatsa kiyi.

A Naphiri akuti shiti abweza akathira feteleza. Chimanga chake sanadzale n'komwe.

Ndichapa mu Meyi.