Ndatsuka Mbiya ya Azakhali

Pepani azakhali kuti ndikukuvutitsani ndi mapepala. Pamaso panu sindingathe kunena, ndiye ndang'amba masambawa m'buku langa. Wokuwerengerani asaseke chonde.

Lolemba
Achimwene a Jailosi akukwera ndege ya ku Joni sabata yamawa. Akuti akulakalaka chinthu chimodzi: ramu, mowa umene analawa ali khuki ku Beira. Akuti unayambira ku zilumba za kutsidya kwa nyanja yamchere. Kumeneko amafinya nzimbe, kuphika madziwo, kuchotsa shuga. Zotsala zakuda zija amazisasitsa n'kutcheza ngati kachasu. Anthu anzeru bwanji, osataya ndi zotsala zomwe! M'sitolo ife anthu akuda satigulitsa. Ndipanga ndine.

Lachiwiri
Ku Lirangwe, kwa azakhali. Iwo sayeza kanthu. Amangoika khutu pa mbiya n'kunena kuti, "Mawa." Ndipo mawa lake mowa umapsadi. Andibwereka paipi ndi mbiya yawo yakale, imene yaphunzitsa ana atatu sukulu. "Usaigwetse, mwanawe." Pa lole ndaifungatira ngati khanda mpaka ku Chileka.

Lachitatu
M'kati mwa mbiya ndi mwakuda, mukununkha. Azakhali ndi otanganidwa, kaya anasowa nthawi. Ndawathandiza:
phulusa, kawiri
mchenga
sopo
madzi owira, katatu.
Ikuwala ngati ya mkwatibwi. Nzimbe khumi ndi ziwiri ndasenda, ndasinja mumtondo, ndasefa pa nsalu yoyera, ndaphika. Shuga sanatuluke, koma zakuda zatuluka. Ndathira madzi, ndavundikira. Mbiya ili kuseri kwa khola la mbuzi, chifukwa abambo ndi mkulu wa mpingo.

Lachinayi
Ndaika khutu. Zii. Ndaika khutu linalo. Zii. Amayi akufunsa ngati ndikudwala mutu.

Lachisanu
Ziibe. Amene abwera: nyerere, njuchi, mbuzi imodzi. Achimwene atopa ndi kukangana za ndale za Chitaganya kusitolo, abwera kudzasuzumira. "Mbiyayi ndi yatsopano?" Ndayankha monyadira kuti ayi, ndaitsuka. Akhala pansi. Akuti zakuda ndinakwecha m'mbiya zija ndizo zimadzutsa mowa. Ngakhale kuzilumba amasunga zotsala za mowa wakale kuti ziyambitse watsopano. Ndiye kuti azakhali sanasowe nthawi. Zaka zonsezi ankadziwa.

Loweruka
Ndatchezabe. Ndamata chivundikiro ndi dothi, paipi ndaidutsitsa m'madzi ozizira monga ndinaonera. Ramu akudontha, woyera bwino. Wa azakhali akawaza pamoto, moto umalumpha. Wanga ndawaza, moto wazima. Achimwene amwa kapu yonse osakwinya nkhope. "Mlongo, uyu ndi ramu wa Akhristu. Kawapatseko abambo."

Lamulungu
Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Achimwene akuti ndisalire, ramu weniweni amagona zaka m'migolo yamatabwa, ndipo iwo abwera pakatha ziwiri, ndiye sindinachedwe. Mawa akwera osalawa. Zimenezo ndavomera.

Koma mbiya. Sindinaigwetse, azakhali, ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Yangokhala yoyera ndi chete. Kodi mbiya yotsukidwa imachira? Imafuna mowa ungati kuti idenso? Ngati nkhuni ndi madzi zingathandize, ndibwera kudzakutolerani ndi kukutungirani mpaka itayambanso kulankhula, ndipo sindidzatsuka kanthu musananene.

Wa lole amene ndamupatsira kalatayi abwerera kuno Lachiwiri. Chonde mumuuze yankho, ngakhale lokalipa. Ndikhala ndikudikira pamsewu.