Sitolo Zitatu, Katundu Mmodzi

Lolemba
Kalata yochokera ku likulu la kampani. Akuti sitolo zitatu zimene amwenye anasiya atalamulidwa kusamukira m'tauni sizikuyenda bwino, ndipo ine woyang'anira ndiwadzutse amanijala ake. Wochita bwino alandire wailesi. Wotsalira achotsedwe ntchito, dzina lake lifike sabata yamawa.
Ndondomeko yanga:
kuwayendera modzidzimutsa,
kuona mashelefu ndi maso anga,
kusalandira nkhuku!

Lachiwiri
Kwa Maseya, sitolo ya a Zuze. Ndikuzimitsa njinga yamoto patali kuti asandimve, ndikukankha dzuwa likuswa mtengo. Ndikuwapeza atavala kale tayi.
"Takhuta, bwana, zikomo potiyendera. Timakuonani mukukankha kuyambira paminda ya thonje."
Mashelefu odzaza: sopo, mchere, zitenje, machesi. Ndalemba kamtanda pa katoni ya sopo, kusonyeza kuti ndaiona. Wailesi ndi yawo basi.

Lachitatu
Kwa Kasisi, sitolo ya mayi Fombe, amasiye a ana asanu. Nakonso kodzaza! Koma katoni ya sopo ili ndi kamtanda. Kanga. Kuseri kuli ngolo, ng'ombe ziwiri zili wefuwefu.
"Sopo amafanana, bwana," akutero mayiwo, maso ali pansi.

Lachinayi
Msonkhano wa chipani, sitolo zonse zotseka. Ndaima padzuwa, khadi m'thumba, ndikuomba m'manja. Pamsewu pakudutsa lole ya thonje yolowera ku Nsanje. Pamwamba pake katoni ya sopo. Sindingatuluke pamzere.

Lachisanu
Kwa Tengani, sitolo ya a Thomu, bambo achikulire amene anamugwirira ntchito mmwenye kuyambira ali mnyamata. Katoni ija yafika kale. Ndikufunsa mofatsa kuti katundu wawo weniweni ali kuti.
"Nkhabe, bwana, palibe. Lole ya kampani inafika komaliza madzi asanasefukire."
Atatuwa anasonkhanitsa zotsala zawo, zikukwana sitolo imodzi. Amabwerekana kuti pasapezeke wotsalira.
"Mukachotsa ine, sindikana. Koma mayi Fombe muwasiye, ali ndi ana."
Nkhuku ndalandira.

Loweruka
Ndikulemba lipoti. Ndang'amba katatu. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndikunena likulu, ndipo masiku ano munthu sanena likulu. Ndikanama, wina agona ndi njala. Dzina la wotsalira ndilibe, ndipo wailesi yomwe a ku likulu sanatumize.
Masana kalaliki wa kupositi akundinong'oneza: bwana wamkulu abwera Lolemba kudzaona sitolo zanga. Modzidzimutsa!

Lamulungu
Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Potuluka ndalunjika kwa a Zuze, chipewa m'manja. Sakundiseka. Akungofunsa kuti bwanayo ayambira sitolo iti, adya kuti, achedwa bwanji pakudyapo.
"Koma ng'ombe zatopa, bwana. Njinga yanu ija imathamanga."
Chabwino. Mawa ine ndinyamula sopo ndi mchere, zitenje zitsatira pa ngolo. Ndikufuna chingwe cholimba.