Botolo Libwerere

Malemu a Namabotolo sankavomereza kuti keke angaphikidwe m'chinthu china kusiya botolo. Mukawaonetsa keke wamkulu uja wodula ndi mpeni, ankangopukusa mutu. "Ameneyo ndi buledi wonyada chabe," ankatero. Wawo ankamuphikira m'timabotolo ta jamu, aliyense lakelake ndi supuni yake, mitundu itasanjikizana mkatimo, moti ana ankayamba kunyambita galasi asanatsegule n'komwe.

Imfa inawatenga atalonjeza mdzukulu wawo wamkazi makeke a utawaleza makumi anayi, a kalasi yonse, pa tsiku lake lobadwa. Kunali kutatsala milungu iwiri. Lonjezolo linagwera amuna awo, a Telala, munthu amene ngakhale dzira ankalipsereza.

Komatu a Telala mabotolowo anawavutikira. Zaka makumi atatu bamboyo anadya jamu ngati chilango, mayi atawaimirira pambali.

"Pakani wambiri, bambo. Loweruka kuli ukwati, botololi likufunika."

"Mano angatu atha, mayi."

"Mukuwasungira ndani manowo? Pakani!"

Phwando lililonse linkakhala ndi keke wake. Timu ya mpira itapambana, anaphika wobiriwira ngati bwalo, kamzere koyera ka kirimu pakati. Adalaivala a basi atapuma pa ntchito, anawakonzera wa maloboti: wofiira pamwamba, wachikasu pakati, wobiriwira pansi. Mkuluyo atangozika supuni mpaka pansi, mayi anakuwa ali kutsidya kwa tebulo: "Pofiirapo imani kaye, adalaivala! Mpaka lero mukungodutsabe?"

Lamulo lawo linali limodzi: keke idyani, botolo libwerere. Sankalemba paliponse, koma botolo lililonse ankalidziwa ngati mwana wawo. Tsiku lina anaimitsa aphunzitsi aakulu pamsewu, ana asukulu akuona.

"Aphunzitsi, lija la chivindikiro chofiira mwathiramo mchere, eti?"

"Linasweka, mayi."

"Chabwino. Mundibweretsere magalasi akewo ndidzalire maliro."

Kulalata konseko anthu sikunkawaopsa. Kuba botolo la a Namabotolo kunasanduka masewero a msewu wonse. Azimayi ankaliponya m'chikwama, azibambo m'thumba la jekete, n'kutsanzika mwaulemu wodabwitsa.

Zotsatira zake a Telala anazionera m'kabati maliro atatha. Anatsegula n'kupeza mabotolo asanu ndi limodzi basi. Anakhala pampando wa mayi, mtima utasweka. Mdzukulu uja anawapeza ali chomwecho.

"Agogo, utawaleza uja ulipobe?"

"Ulipo, mwanawe," anayankha, asakudziwa kuti auchotsa kuti.

Anathamangira kugolosale, nagula jamu mabotolo anayi, nayamba kumudya ndi supuni, opanda buledi. Adalaivala aja anawapeza pakhonde ali pa botolo lachiwiri, maso ali psuu, ndevu zikunata.

"Achimwene, mukufuna kuwatsatira mayi?"

"Ndikufuna mabotolo makumi anayi pofika Loweruka. Mwana analonjezedwa."

Adalaivala anakanda mutu, nachoka osatsanzika. Patangopita kanthawi anabwerera ndi mabotolo atatu onunkha girisi. "Ndinkasungamo mabawuti," anatero akuyang'ana pansi.

Nkhani inayenda. Anesi anabweretsa awiri amene ankasungamo thonje. Mayi ometa tsitsi anatulutsa asanu ndi awiri, akulumbira kuti sakudziwa mmene anafikira kwawo. Enanso a mumsewumo anabweza awo mpaka kutsala limodzi kuti akwane makumi anayi. Pomaliza anatulukira aphunzitsi aakulu, atabisa kanthu kumbuyo: la chivindikiro chofiira lija, lathunthu, timchere tikadali pansi.

"Linaswekatu ili," anatero a Telala.

"Lachira, bambo."

Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha.

Lachisanu khitchini inadzaza. Anawiritsa mabotolo, nawapaka batala mkati, nagawa phala la keke m'mbale zisanu ndi ziwiri, iliyonse mtundu wake. A Telala, pofuna kuti ana akhute, anadzaza mabotolo oyamba mpaka kukamwa. Mu uvuni keke anafufuma n'kusefukira ngati bowa, utsi tolotolo. Pamenepo m'pamene anakumbukira mawu a mayi amene anawamva zaka makumi atatu ali pa makina awo osokera: theka basi, keke amafuna malo opumira. Anayambiranso.

Loweruka utawaleza unatuluka wokhotakhota, wobiriwira utalowerera wachikasu, koma ana makumi anayi anakuwa ngati aona chozizwitsa. Mdzukulu anakweza botolo lake padzuwa, nalizunguza pang'onopang'ono.

"Agogo aakazi akanati wapindika."

"Akanaterodi."

"Koma ndi utawaleza, agogo."

Phwando litatha, a Telala anaima pageti pamene mayi ankaimirira, atakonzeka kukuwa lamulo lija. Sipanafunike. Aliyense anali atatsuka lake n'kuliika patebulo, makumi anayi onse, osasowa ndi limodzi lomwe. Zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri a Telala.

Masiku ano msewu uja uli zii. Palibe woimitsa mnzake chifukwa cha chivindikiro, ndipo kuba botolo kunatha kukoma poti wolalata palibe. Mabotolo adzaza kabati mpaka ena ali pawindo. A Telala sakusowanso botolo, mano awatsalira anayi, koma m'mawa uliwonse amapakabe jamu wambiri.