Supuni Ikasiya Kulira m'Kapu

Lolemba

Kuzizira kwafika. Nkhungu yakuta mapiri onse, zala zachita kuuma, ndipo thupi likufuna chinthu chimodzi chokha: tiyi wanga. Wamkaka, shuga masupuni anayi, yachisanu yopereka ulemu.

Koma adokotala ananena sabata yatha: shuga wakwera m'magazi. Akuti ndikapanda kusiya, maso apita. Ine telala! Panopa pomwe ulusi ndikuchita kuunyengerera kuti ulowe m'singano. Maso akapita ndizisoka ndi chiyani, mphuno? Ndili ndi mantha, ndisaname.

Akudziwa ndi bambo a kunyumba okha, ndipo ndawalumbiritsa. Pano pa Boma ukangonena kuti uli ndi shuga, anthu amayamba kukuyang'ana kumapazi, kuwerenga zala zomwe zatsala.

Matendawa akanabwera mu Okutobala bwenzi ndikungomwa madzi. Asankha Juni, mwadala.

Pulani: tsiku lililonse tiyi wamtundu wina, mpaka ndipeze woti munthu n'kumwa wopanda shuga osalira.
- udzu wa mandimu
- chidede
- jinja
- makoko a manachesi
- chammwamba
Loweruka kusankha wopambana. Lamulungu kupuma.

Lero udzu wa mandimu, wothyola kuseri kwa bafa. Fungo, eee, labwino! M'kamwa, madzi otentha amene anangopatsana moni ndi ndimu panjira.

ANachisale, oyandikana nawo nyumba, pampanda: "Mwadzuka, anzanga? Lero supuni sindinaimve."

Mayi amenewo makutu! Mpanda wathu ndi waudzu, ndiye m'mawa uliwonse timamvana tikutakasa tiyi, iwo ngwe-ngwe-ngwe uko, ine ngwe-ngwe-ngwe kuno. Ndawauza kuti ndikuyesako zina. Ati, "Ooo." Ooo wake wautali.

Lachiwiri

Chidede. Kufiira kwake n'kokongola, zoti n'kujambula pafoni. Kuwawasa kwake! Mano achita dzanzi, diso limodzi ladzitsekera lokha.

Bambo akhala pomwepo pamaso panga ndi kapu yawo, kutakasa mosafulumira, kumwa mofuula. Ati, "Inetu adokotala sananditchule."

Chitini cha shuga chikundiyang'ana. Ndachisuntha kupita pamwamba pa kabati. Chikundiyang'anabe. Pamapeto ndakhuthulira yense m'jumbo, ndawapatsa bambo kuti akamusunge kuchigayo komwe amagwira ntchito, azikamwera konko ndi fumbi lawo. M'nyumba muno shuga asalowenso!

Masana sindikukhazikika. Kukhala pamakina, kudzuka. Kusesa pakhonde posesedwa kale. Kukhalanso. Chigongono chagunda kapu, chidede chonse thi! pa bulauzi yoyera ya mayi wina wa kwaya. Ndachapa. Ndachapanso. Tsopano ndi yapinki mbali imodzi.

Chidede chatuluka mu mpikisano.

Lachitatu

Mphepo ikulowa pansi pa chitseko ngati ili ndi msonkhano muno. Majuzi awiri, mpango kumutu.

Jinja. Palibe wandiuza muyeso, ndiye ndasinja chidutswa chonse. Pakhosi moto! Thukuta mu Juni! Ndavula juzi imodzi, ndavula inayo, ndamva kuzizira, ndavalanso. Ubwino wake ndi woti munthu umaiwala za shuga, chifukwa umakhala ukuganiza za moyo wako.

ANachisale abwera kudzabwereka sizasi. Sizasi ali nayo, ndinawanolera ndine. Maso awo ayenda: pambaula, pakapu yanga, kenako pathandala pomwe ndayanika chitini cha shuga chozondotsa, chotsuka mbee.

"Kodi Chisomo akuimbabe foni kuchokera ku Joniko?"

Ndati mwana wanga akuimba, ali bwino. Ati, "Zimachitika, anzanga. Ana amaiwala." Atuluka. Sizasi aisiya patebulo.

Lachinayi

Manachesi ali mbwee pamsika, nyengo yake ndi ino. Makoko ndinayanika padenga, ndawawiritsa pamodzi ndi masamba a tiyi pang'ono. Uyu ayi, akuyesetsa. Akununkhira ngati m'minibasi yopita ku Lisungwi anthu onse akusenda manachesi. Kumapeto kwa lilime akuwawa, koma ndamaliza kapu yonse. Pulani ikuyenda!

Sinayende nthawi yaitali.

ANachisale alowa chakuseri, china chake chili pansi pa chitenje. Kakapu ka shuga, kodzaza mpaka pamwamba. Anong'ona: "Musanene kanthu. Ifenso tinadutsamo." Kukana sindingathe, munthu wakuchitira chifundo. Ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza.

Pamsika, mayi wogulitsa mbatata ya kachewere wandiwonjezera mulu wonse ine osapempha. Wandigwira dzanja nthawi yaitali. Wapagolosale akuti, "Mayi, musamachite manyazi, tonse ndife anthu."

Ndiye kuti zamveka: telala wasauka. Kuno munthu akhoza kuyenda wopanda nsapato anthu osadabwa, koma akamwa tiyi wopanda shuga, basi, nyumba imeneyo yagwa. Palibe angaganize kuti munthu wamoyo angasankhe yekha.

Kakapu kaja kali m'kabati. Ndakatsegulira kawiri, kungokaona.

Lachisanu

Chammwamba, chouma, chochokera kwa alamu anga a ku Chifunga. Iwo amati chimachiza chilichonse. Kukoma kwake ngati madzi otsukira ndiwo. Ndathiramo makoko a manachesi kuti athandizane. Aipa onse awiri.

Mimba yayamba kuyankhula. Pakati pa makina ndi chimbudzi lero ndapanga njira yatsopano.

Mwini bulauzi wabwera. Wayang'ana pinki uja, ndadikira kuti akalipe. Ndikanakonda akalipe! Iye wangoti, "Musadandaule, mayi, mutu ukakhala ndi zambiri zimatero."

Zomwe zikumveka pa Boma lero:
- Chisomo wakwatira ku Joni ndipo watitaya
- makina osokera ndikugulitsa
- bambo achotsedwa ntchito kuchigayo
- ayi, sanachotsedwe, koma akusunga shuga kuchigayoko, ndiye kuti kuli mkazi wina

Chomalizachi bambo chawapweteka. Ati, "Ingowauzani anthuwa zoona, mayi, ine ndisanapatsidwe mkazi amene sindikumudziwa." Ndati ayi. Bola anditche wosauka kusiyana n'kuti aziyeza mapazi anga ndi maso.

Ulusi wakuda wandikanika kulowetsa madzulo ano. Ndakhala ndi singano m'manja, osaseka.

Loweruka

Tsiku losankha wopambana. Ndafoletsa makapu patebulo, ketulo ili pamoto.

Kunja nyimbo. Amayi a kutchalitchi, gulu lonse, akwera chitunda chonse mpaka kwathu kuno m'mphepo imeneyi! ANachisale kumbuyo, maso pansi. Aliyense kanthu m'manja. Shuga. Shuga. Masikono. Shuga. Mkaka. Shuga winanso.

Andikhazika pampando m'nyumba mwanga momwe. Udzu wa mandimu autaya, akuti, "Zamasambazi zatha lero." Aphika tiyi weniweni, wamkaka, wofiirira bwino. Amayi apampando athira okha m'kapu yanga. Supuni, supuni, supuni. Wina kumbuyo: "Onjezerani, avutika nthawi yaitali."

Kapu ili m'manja mwanga. Yofunda. Fungo lake ndi lomwe lija ndalilota sabata yonse. Anthu akwera phiri chifukwa cha ine, apemphera, akundiyang'ana mwachikondi. Tiyi wotere amakanidwa bwanji?

Ndapsontha kamodzi. Mayo ine, kukoma! Misozi yatsika yokha, iwo ati, "Taonani, amusowadi."

Kenako ndaona makina anga pakona, singano ili chilili, yopanda ulusi kuyambira dzulo.

Ndaika kapu pansi. Ndati, "Amayi, shuga sanathe m'nyumba muno. Wachuluka. Ali m'magazi mwangamu."

Ndiyeno maso onse, onse, kumapazi anga. Ndinanena ine!

Zitatero aliyense wasanduka dokotala. Nimu. Masamba a gwafa. Masamba a mapeyala. Therere lonyika m'madzi. Shuga uja amusiya, akuti mphatso sibwerera. Tiyi amwa okha, masikono amaliza. Bambo pobwera apeza phiri la mapaketi patebulo, avula chipewa.

Wopambana sanasankhidwe.

Lamulungu

Kutchalitchi andipempherera ponditchula dzina. Potuluka anthu atatu andifunsa za mapazi. Pakhonde ndapeza mitolo ya masamba, ina sindikuidziwa n'komwe. Mbuzi za eni zikuthandiza.

Pulani yatha. Palibe tiyi amene amakoma ngati wa shuga, ndipo sadzapezeka. Ndavomera.

Masana aNachisale alowa pakhomo lakutsogolo, ketulo kudzanja lino, kapu yawo kudzanja linalo. Sindinawapatse nkhope yabwino. Akhala pamkeka osauzidwa. Athira tiyi wamasamba wamba, wakuda, wopanda mkaka, wopanda chilichonse. Atulutsa supuni pachitenje, aiika m'kapu mwawo, ayamba kutakasa. Ngwe-ngwe-ngwe.

Ndati, "Mukutakasa chiyani? Simunathire kanthu."

"Chaka chachisanu chino, anzanga. Inenso anandipeza ndi shuga. Ndimangotakasa kuti apampanda azimva."

Apampanda ndine! Zaka zonsezi ndakhala ndikusirira kuti mayi awa shuga sawathera.

"Nanga uja munandipatsa?"

"Wa alendo."

"Bwanji osandiuza?"

"Inu munandiuza?"

Akuti miyezi yoyamba ndi yowawa, kenako lilime limatopa n'kusiya kudandaula. Akuti singano amalowetsabe okha ulusi, opanda magalasi. Izi ndazimva bwino, ndawafunsanso kachiwiri kuti abwereze.

Ndamwa. Ndi wowawa, wotentha, basi. Nkhungu yayambanso kutsika, mawa kuzizira kuposa lero, ndipo bulauzi yapinki ikundidikira.

Andibwereka supuni. Ndatakasa nanenso, ngakhale Boma lonse likudziwa kale kuti mulibe kanthu.