Ndinawapha ndi Njala Asilikali a Ba Mulenga

Mwayamba kale kuseka ndisanatsegule pakamwa? Sekani, koma amene akuti ndikunama akwere minibasi mpaka ku Kafue Estates, akafunse za mayi wogulitsa nsomba amene anagwetsa ufumu wathunthu osaponya mkondo ngakhale umodzi. Ine mumandidziwa, mawu anga ndi apansi, kutchalitchi amachita kundipempha kuti ndikweze. Bodza ndingalitenge kuti?

Zinali zaka zija mafakitale akugulitsidwa, amuna athu akubwera kunyumba ndi makalata owachotsa ntchito. Ba Mulenga, aneba athu, anabwera ndi kompyuta yakale imene bwana wawo anawasiyira powamvera chisoni, ndipo m'kati mwake munali gemu ya nkhondo yosinthana: iwe usuntha asilikali ako pamapu, udina batani, unyamuka, mnzako akhala. Madoda onse ankaswera pakhonde pawo. Amuna anga, bambo a Misozi, anagonja kasanu, ndipo manyazi atawagwira anabetcha njinga, Ba Mulenga n'kuwalanda. Njinga yanga! Yopitira ku Chanyanya kukaoda nsomba, yodyetsa ana anayi!

Nditamva ndinatula beseni pansi. Kenako ndinapita momwemo, chitenge chikununkha nsomba.

"Ba Mulenga, njinga ni yanga. Nizasewela ndine."

"Shani, amake Misozi? Muziba na pogwila?" anadabwa Ba Mulenga, mpaka Chibemba chawo chinatulukira.

Madoda anaseka mpaka kutsokomola. Koma Ba Mulenga anandipukutira mpando ndi kansalu kawo ka m'thumba, nandilozera mabatani mmodzimmodzi osandinamiza. Zimenezo sindiiwala.

Pamapu paja panali migodi ya chitsulo, minda ndi zitsime, ndipo lamulo linali lakuti pamene paima munthu wako, mdani sakololapo kanthu. Amuna onse ankagula asilikali onenepa ovala zitsulo. Panalinso azondi, timadoda tokwera akavalo owonda, tantchito yongoyendera dziko, ndipo palibe ankatifuna. Ine nditationa ndinakumbukira ku Chanyanya. Kumeneko amene wafika msanga amaika beseni lake pa bwato, ndipo nsomba za m'bwatomo ndi zake ngakhale zisanachoke mu ukonde. Mnzake abwere ndi mabeseni khumi, abwerera chimanjamanja. Ndiye ndinagula azondi okhaokha.

Mukumva? Ndinawatumiza makumi anayi nthawi imodzi, ndipo anathamanga liwiro loti fumbi linatulukira kumbuyo kwa kompyuta mpaka amayi a mzere wonse anathamangira kukaanula zovala, mmodzi anakaima pa mgodi, wina pa munda, wina pa chitsime, wina analephera kuimitsa kavalo, anabowola m'mphepete mwa mapu, ndipo kondakitala wina wa ku Nangongwe analumbira kuti anamuona akudutsa pasiteji akufunsa njira yobwerera. Ba Mulenga akatumiza chigulu chawo cholemera kuti chimuphwanye mzondi, ine ndinkamusuntha mapazi awiri, iwo akamulondola, wina ankakhala pomwe pachoka mnzake, monga timachitira pa bwato wina akapita kukamwa madzi.

Anthu inu, imvani zimene ndinaona ine mwini. Chitsulo chitawathera, asilikali a Ba Mulenga anayamba kusula malupanga ndi masupuni, chakudya chitatha anaonda mpaka zovala zazitsulo zinkavuka zokha n'kugwa phokoso lake n'kumveka kunjanji, akavalo awo anadya udzu wonse wa pamapu, nadya mitengo, nadyanso chilembo chosonyeza kumpoto, ndipo msilikali wina, maso ali mbuu, anafika pagalasi penipeni, nagogoda cham'kati ndi kachala, akuloza chitenge changa chifukwa fungo la nsomba linali litamupeza. Mukumva? Ndine mayi ine, mtima unandiwawa. Ndinatsala pang'ono kumutsegulira munda umodzi, koma ndinayang'ana njinga yanga itatsamira khoma la eni ake, ndinalimba.

Bambo a Misozi anali atagwira pakamwa. Ba Mulenga thukuta linali kamukamu, mpaka akazi awo anabweretsa madzi m'kapu, koma anayamba kupatsa ine, mdani wa nyumba yawo. Mfumu yawo ya m'kompyuta inalira, misozi yake inadontha pansi pa mabatani n'kunyowetsa tebulo. Kunatsala kudina kamodzi kokha kuti mzinda wawo ugwe. Ndinakweza chala.

Malaiti anazima.

Chabwino, ndivomere pang'ono. Azondi aja mwina sanali makumi anayi, mwina anali atatu. Ndipo malaiti atabwera, kompyuta inali itaiwala zonse, moti palibe munthu anaona ine nditapambana. Madoda anagamula kuti gemu yothera panjira siibweza chobetcha, njinga ikhale pomwe ili. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja.

M'mawa mwake ndinasenza beseni kuti ndiyambe wapansi wa ku Chanyanya. Nditatsegula chitseko, ndinapeza Ba Mulenga ataima ndi njinga, matayala atapopa, tcheni atathira mafuta.

"Tengani, amake Misozi. Mfumu yanga yafa na njala. Koma pakhonde panga musabwelenso."

Ndipo mpaka lero sindinapondepo. Amandiopa.