Khadi la Ngongole ndi Malata a ku Machinjiri

Lolemba

Kubanki andiitana lero. Mtsikana wa pa desiki, waulemu ndithu, akuti: "Bambo, khadi la ngongole si malipiro achiwiri. Mukamabweza pa nthawi yake, dzina lanu likhala labwino, ndipo ngongole ya malata ija tikuganizirani."

Malatawo ndi a nyumba yathu ya ku Machinjiri, yomwe yaima pa lintala mpaka udzu wamera m'zipinda. Make Tadala, chimusamutsireni kukagwira ntchito ku chipatala cha ku Kasungu, mawu ake ndi amodzi: nyumba ikafoleredwa apempha kubwerera ku Blantyre. Za lendi kuno ku Chilomoni anatopa nazo.

Choncho malamulo a sabata ino:
khadi osaligwira,
m'tauni osadutsamo poweruka,
ndiwo ndi bonya ndi mpiru, basi.

Khadilo ndaliika m'kachitini ka majarini, ndathiramo madzi, ndaponya mufiliji pamwamba pouma ayezi. Ndi nzeru ya mnzanga wa ku ofesi. Akuti ayezi akamasungunuka, chilakolako chimakhala chitatha kale.

Lachiwiri

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Ndikufika madzulo, khadi likusambira. Ndalipukuta ndi thaulo ngati khanda, ndaliika m'thumba la jekete poti kwina konse kwanyowa.

Tadala sanayankhe meseji yanga. Mayi ake akuti mwana ali pa mayeso, ndisamusokoneze. Ndadya nditaimirira. Mbale imodzi, sivuta kutsuka.

Lachitatu

Sopo watha. Pa okala ya pakona alipo, koma pamenepo amangokupatsira pa kawindo, nkhope osaiona. Ndatsika minibasi m'tauni, ndalowa shopu yaikulu ija. Mukuwala, mukuimba nyimbo, anthu akukankha matolole ndi ana awo.

Wa pa tilu wandifunsa: "Mwaswera bwanji, bambo? Kunja kukuzizirabe?" Ndamuyankha motalika, mpaka za chiperoni cha chaka chatha. Akumbuyo kwanga ayamba kutsokomola.

Zomwe ndatuluka nazo:
sopo,
ketulo yamagetsi,
mabisiketi a alendo,
kakapeti ka pakhomo kopukutira mapazi a alendowo.

Ketulo yamagetsi, ku Chilomoni! Ndaiika pamwamba pa filiji, zikudikira limodzi.

Lachinayi

M'mawa ndapereka khadi kwa alandilodi, Mayi Nachisale. Ndawauza kuti andisungire mpaka pakutha kwa mwezi, ngakhale ndilire asandipatse. Alilowetsa m'buku lawo la nyimbo.

Ndikubwera madzulo, pabwalo ponse akundipatsa moni. Bambo Likoswe a nyumba yakuseri, amene sanandipondereko pakhomo chibwerereni, agogoda. Apukuta mapazi pa kakapeti kaja. Ndawaphikira tiyi pa mbaula, atha mabisiketi, takamba za mpira, za mitengo ya feteleza, za mapaipi ouma. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Podzuka akuti: "Achimwene, kodi khadi lanulo ku famase limagwira? Mwana akutsokomola moipa."

Ndapita kwa Mayi Nachisale. Sindinalire n'komwe. Akuti: "Chinthu n'chanu, ine ndikukanizeni bwanji?"

Mankhwala tagula. Ndalama akuti abweza zinthu zikayenda.

Lachisanu

Make Tadala waimba foni masana. Akubwera mawa ndi basi ya m'mawa, agona masiku awiri. Ndayang'ana m'nyumba muno ndi maso ake. Makatani obooka, nsalu ya pabedi yatuwa ngati thumba la simenti.

M'tauni kachiwiri. Nkhuku yaikulu, mpunga wonunkhira, nsalu ya pabedi, makatani obiriwira, nsapato za Tadala zoti amutengere. Saizi ndangoganizira, phazi lake sindinaliwone kalekale. Kamakina ka pa tilu kachedwa kuyankha. Kenako kalavula kapepala. Wa pa tilu lero ndi wina, sanandifunse kanthu.

Loweruka

Ndakolopa, ndachapa, ndameta. Ndafika pa depoti basi isanafike. Yafika, anthu atsika onse, mpaka matumba a mtedza atsitsidwa.

Foni ya Make Tadala. Mnzake wa kuntchito waferedwa, iye ndi amene wamugwirira malo mu wodi. Akuti anaiwala kundiuza m'mawa chifukwa cha piringupiringu. Mawu ake ngotopa, sindingamukwiyire. Pomaliza akuti: "Koma simunawononge ndalama chifukwa cha ine, eti? Kumbukirani malata."

Ndati ayi, ndiwononge pa chiyani.

Bambo Likoswe ndakumana nawo pa mpopi. Moni wabwerera wakale uja, wa mutu wokha.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Meseji ya kubanki yafika m'mawa, yaulemu ngati mtsikana wa pa desiki uja, kundikumbutsa zobweza. Malipiro akabwera ndikwanitsa kachigawo kochepa kaja, zotsalazo zibereka chiwongola dzanja. Mvula ya chaka chino igweranso m'zipinda za ku Machinjiri. Make Tadala ndimuuza, koma osati lero.

Nkhuku ndaiphika, ikanawonongeka. Ndapachika makatani. Akuperewera ndi chikhatho chathunthu, ndipo risiti ndinayatsira mbaula.

Ndakhala pampando ndi mbale pamiyendo. Pampata wotsalawo ndikuona anthu ochokera kutchalitchi akutsetsereka ndi msewu, mabanja mabanja. Palibe wokhotera kuno. Ntchafu zonse ziwiri ndidya ndine.