Difenda wa ku Mlolo amene ndinamusiya

Kuli mudzi wina ku Mlolo kumene sindipita ngakhale pa maliro, ndipo akazi anga amaganiza kuti chifukwa chake ndi msewu. Msewuwo ndi woipadi, koma si umene umandiletsa. Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri. Theka lake ndi loseketsa, theka linalo muweruze nokha.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo ine ndinali mphunzitsi wa zamasewera pasukulu ina pa boma la Chadiza. Ndinali nditachitako kosi ya masabata awiri ku Chipata, n'kubwerako ndi wezulo, kabuku ka malamulo a mpira, ndi mapewa okwera. (Masabata awiri okha, koma mukanamva mmene ndinkalankhulira mukanati ndinakaphunzira kutsidya kwa nyanja.) Choncho a ku ofesi atafuna munthu wosankha anyamata a timu ya boma lathu yokasewera ku Chipata, sanavutike kundifunafuna. Ndinali nditaima kale pakhomo.

Mpikisano umenewo unali ndi kanthu. Kunkabwera anthu a matimu a kumigodi kudzaona anyamata, ndipo amene wawakomera m'maso ankapita naye, n'kumupatsa ntchito ndi nyumba. Kwa mwana wa mlimi wa mtedza, mwayi wotere sunkabwera kawiri. Timu ndinali nditaidzaza, kupatula malo amodzi kumbuyo, nambala faifi.

A Mbewe, mphunzitsi wachikulire wa ku Mlolo, anandilembera kalata kuti ndikaonenso mnyamata wawo dzina lake Yotamu. Ndikuti kukaonanso chifukwa chaka cham'mbuyo ndinali nditamuona kale: wamtali, wowonda, mpira ukangomuyandikira ankaumenya kuti ukagwe kulikonse, ngati wamuotcha. Ndinawauza nthawi imeneyo kuti adikire akhwime. Tsopano a Mbewe ankati wakhwima.

Ndinapita Loweruka pa njinga, nditavala suti yanga ya safari, yomwe ija ya kumisonkhano ya chipani. Bwalo linali pakati pa sukulu ndi munda wa mtedza. A Mbewe anakonza zoti ana a sukulu asewere ndi anyamata akuluakulu a m'mudzi, ndipo mudzi wonse unabwera, amayi atakhala mbali yawo pansi pa mtengo wa mango. Ine anandiikira mpando.

Ndinene zoona, gawo loyamba linandikomera. Yotamu sanalinso uja wa chaka chatha. Sankathamangira mwendo wa munthu. Ankabwerera pang'onopang'ono, maso ali pampira, akumukankhira mwini mpirayo kumphepete mpaka malo amuthere, ndiyeno n'kuutenga mpira mofatsa ngati akulandira mbale. Ankakuwira anzake kuti atseke mpata ine ndisanauone n'komwe. Wam'mwamba ankaulandira ndi chipumi maso ali otsegula, osati kutsinzina monga achitira ambiri. Ngakhale mwendo wamanzere, umene kale unali wongoyendera, tsopano unkapereka mpira kwa mnzake. Ndinalemba dzina lake m'kope, ndikudzitama mumtima kuti ndine ndinati adikire.

Gawo lachiwiri a m'mudzi analowetsa mwamuna wina wamfupi, wojintcha, wamkulu kwa Yotamu ndi zaka ngati khumi, dzina lake Fakisoni. Luso analibe kwenikweni, ndipo ankathamanga ngati wasenza thumba la chimanga. Koma atangolunjika kwa Yotamu, mnyamata uja anabwerera, nabwereranso, kenaka n'kupatuka. Chigoli. Patapita kanthawi, chimodzimodzi. Ulendo wina Fakisoni anadzigwera yekha, Yotamu n'kusiya mpira kukamudzutsa ndi manja awiri, mpaka kumusasa fumbi. Anthu sanadabwe. Ine ndinafufuta dzina lija n'kulembapo liwu limodzi: wamantha.

Mpira utatha, a Mbewe anasendera pafupi n'kunena motsitsa kuti pali kanthu koti ndidziwe za Fakisoniyo. Ndinawadula pakamwa. Ndinaimirira n'kulankhula mokweza kuti onse amve (mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndinkatero mumtima). Ndinati difenda amayesedwa akakumana ndi munthu wamphamvu, kulanda mpira kwa tiana n'kosavuta, ndipo Yotamu akaona chifuwa cha mwamuna miyendo imamuzizira. Mnyamatayo anangozolika, akukanda pansi ndi chala.

Pamenepo ndikanakwera njinga yanga. Koma ndinaona kuti palibe akugwedeza mutu kundivomereza, ndipo zinandiwawa. Ndinapinda miyendo ya buluku, n'kutenga mpira. Ndinati ngakhale ine, ndi nsapato za kuofesi ndi kamimba kangaka, ndimudutsa.

Ndinamudutsadi. Anandiyang'ana, nayang'ana a Mbewe, n'kupatuka monga muja. Ndinatembenukira anthu, manja ali m'chiuno. Apo m'pamene Fakisoni, ali khale pansi akumwa madzi, analankhula.

"Yotamu."

"Wawa, amalume."

"Awa si abale ako. Gwira ntchito."

Liwu loti amalume ndinalimva, koma silinalowe. Ndinabwereranso pakati, ndikufuna kuonetsa kaukathyali kamene tinaphunzira kukosi, koloza kumanja n'kuthawira kumanzere. Kumanja ndinaloza bwinobwino. Pobwerera kumanzere, mpira panalibe. Mnyamatayo sanandikhudze ngakhale chala. Mwendo wanga unamenya mphepo, nsapato inaterereka pa udzu wouma, miyendo inatangadza, ndipo buluku linalira kuchokera kutsogolo mpaka kukafika pa lamba kumbuyo. Ndinakagwa chagada m'mizere ya mtedza.

Amuna anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Kenaka pansi pa mango paja mayi mmodzi analephera kudzigwira, ndipo chikhakhali chake chinatsegulira anzake onse. Amene anabwera kudzandidzutsa akupepesa anali Yotamu. Amayi ake ndi amene anandibwereka chitenje cha maluwa ofiira, ndipo ndinadutsa bwalo lonse nditachimanga m'chiuno, kumwambaku ndili bwana wa boma.

Ndili kunyumba kwa a Mbewe, akazi awo akusoka buluku kuseri, mkulu uja anamaliza mawu amene ndinawadula. Fakisoni anali mlongo wa amayi ake a Yotamu. Bambo a mnyamatayo anatchona kalekale, choncho Fakisoni ndiye ankamulera, ndiye anamulemberetsa sukulu, ndipo ndiye anamuperekeza pamene ankavinidwa. Kumeneko mwana sagwetsa malume ake mudzi ukuona, ngakhale pa mpira. Yotamu sakanachititsanso manyazi mlendo wochokera ku boma popanda wamkulu womuloleza. A Mbewe anali atayesa kumuletsa Fakisoni kulowa, koma iye ankafuna kuti nayenso aonekereko kwa mlendo, ndipo panalibe womukaniza.

"Ku Chipata kulibe amalume ake, aphunzitsi," anatero a Mbewe. "Kumeneko sadzapatukira munthu."

Safunsa anadya phula. Ndinavomera kuti ndamva, ndinathokoza chifukwa cha ulusi, n'kukwera njinga mosamala kwambiri.

Apa m'pamene ndimalekezera ndikamawafotokozera anzanga, ndipo amaseka mpaka misozi. Zotsalazi sindinauzepo munthu.

Lolemba m'mawa ndinayenera kupereka mayina ku ofesi. Lamulungu lonse ndinakhala ndi kope lija. Ndinkadziwa kuti sindinaonepo difenda wa msinkhu umenewo wodziwa kudikira ngati Yotamu. Koma ndinkaonanso lole yathu yopita ku Chipata, anyamata khumi ndi asanu ali kumbuyo, ndipo pakati pawo pali mmodzi amene anandiona nditavala chitenje cha amayi ake. Iye sakanaulula, ndikudziwa. Koma ine ndikanamuyang'ana bwanji poimba wezulo? Ndiye ndinayamba kudzipezera zifukwa zomveka bwino. Ndinati difenda wosankha womulanda mpira n'ngosadalirika. Ndinati akadali wamng'ono, chaka chamawa chilipo. Pa nambala faifi ndinalemba mwana wa kalaliki wina wa pa boma, mnyamata wabwino ndithu, wothamangira mwendo wa munthu.

Chaka chamawacho ndinasamutsidwa kupita ku Pembamoyo, ndipo kusankha timu kunapita kwa wina, amene ku Mlolo sanapondeko.

Patapita zaka zambiri, ndikuyenda pamsika wa Chadiza, mwamuna wina wamtali anatsika njinga yodzaza matumba a mtedza, navula chipewa. Ndinamuzindikira ndisanafune. Anandifunsa za kunyumba, ine n'kufunsa za amalume ake, nati ali bwino koma mawondo ndiwo atha. Yotamuyo anali ndi ana anayi, ndipo mpira anausiya chaka chomwe chija ndinamusiya. Ndinadikira kuti atchule za buluku, tiseke, zithe. Sanatchule.

"Aphunzitsi, ine sindinakwiye," anatero. "Poyamba zinandiwawa, koma ndinadzaganiza kuti inu munapita kusukulu ya zimenezi. Ngati munaona kuti sindinali wa timu ya boma, ndiye kuti sindinali. Munandithandiza, ndikanataya nthawi."

Ananena ndi mtima wonse, mopanda chipongwe. Zaka zonsezo munthu ankalima mtedza akukhulupirira kuti diso lodziwa linamuyeza n'kumupeza wochepa, pamene chimene chinamuyeza chinali manyazi anga. Mawu analipo, ochepa chabe: unali woposa onse, ndinakusiya dala. Ndinatsegula pakamwa.

Ndinamufunsa ngati mvula inagwa bwino ku Mlolo chaka chimenecho. Anati inagwa bwino, anavala chipewa, n'kukankha njinga yake kulowera kwa ogula mtedza.